Chikalata cha Alimi Ang'onoang'ono, Matenanti ndi Aganyu a M'minda ya Fodya ku Kasungu pa Zimene Mliri wa Covid-19 Unatisiyira

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Kasungu ndi khonsolo yonse. Kwa mafumu athu. Kwa olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'boma lino. Kwa Unduna wa Zaumoyo, Unduna wa Zantchito ndi bungwe la Tobacco Commission. Kwa eni maesiteti ndi makampani ogula fodya. Ndiponso kwa Amalawi anzathu onse.

Ife mamembala a bungwe la alimi ang'onoang'ono, matenanti ndi aganyu ndife anthu olima fodya ndi manja athu m'chidikha cha Kasungu. Ena tili ndi timinda tathu ta ekala imodzi kapena awiri kwa Wimbe, kwa Chulu, kwa Santhe, kwa Kawamba ndi kwa Kaomba. Ena tinabwera pa lole kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Machinga ndi Mangochi kudzalima m'maesiteti, ndipo mpaka lero anthu amatitchula kuti matenanti. Enanso ndife aganyu, osoka fodya ndi osankha masamba, olipidwa dzuwa likalowa. Tinakhala pansi, tinakumbutsana zimene tinaona m'zaka za mliri, ndipo tinagwirizana kuti zilembedwe anthu amene anaziona akadali moyo.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Kuno kwathu mabuku a boma akusonyeza kuti matendawa anapha anthu oposa 2,600. Tikulira limodzi ndi mabanja onsewo, ndipo ena mwa iwo ndi mabanja athu. Sitinatsutsepo kuti kolona ndi matenda enieni. Dandaulo lathu ndi lakuti malamulo ndi chithandizo cha nthawi ya mliri zinakonzedwa poganizira munthu wa malipiro a pamwezi, wa mpopi pakhomo, wa foni m'thumba, amene dzina lake lili m'kaundula wina wake. Ambiri a ife tinalibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo chimene chinatipweteka koposa ndi chakumapetocho. Sitinali m'kaundula aliyense.

Tiyambire pa mwezi wa Epulo 2020. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pa ngozi. Odwala oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Pa 14 Epulo nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo. Aliyense wodziwa chaka cha fodya akudziwa tanthauzo la mwezi umenewo. Tenanti amayamba ntchito ku nazale mu Sepitembala, kuthirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa amawokera, amapalira, amabandira, amathyola, amasoka, amapachika m'chigafa. Miyezi yonseyo salandira malipiro. Amadya phoso la abwana, ndowa ya chimanga ndi kamchere, ndipo chilichonse chimene watenga, kaya sopo, kaya ndalama ya kuchigayo, kaya ya kuchipatala, kapitawo amalemba m'buku kuti adzadule pamapeto. Ndalama amadzaiona fodya akagulidwa ku okushoni, pakati pa Epulo ndi Ogasiti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Malipiro a tenanti amakhala pachala miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo, ndipo mliri unafika pamene anali asanafike pamphuno. Kumuuza munthu wotere kuti akhale m'nyumba masabata atatu kunali kumuuza kuti agone ndi njala pambali pa mabelo amene iye mwini wadinda.

Tikuyamikira kuti Khoti Lalikulu linaona zimenezi. Pa 17 Epulo woweruza milandu a Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso bungwe la Human Rights Defenders Coalition litakadandaula, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho khoti linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko. China mwa zimene oweruza anaona n'chakuti boma linali lisanakonze njira yoti osauka adzadyere. Mfundo imeneyo tikuigwiritsitsa, chifukwa mliri wina ukadzabwera idzafunikanso.

M'bindikiro unalephereka, koma msika wa fodya unasintha. Utatsegulidwa ku Kanengo pa 20 Epulo 2020, alimi sanaloledwe kulowa m'malo ogulitsira, poopa kuthithikana. Amene ankaimira alimi anali nthumwi za mabungwe awo. Chifukwa chake tikuchimvetsa, pakuti tikudziwa m'mene anthu amadzazira pa Chinkhoma msika ukatentha. Komabe mlimi akaima pambali pa belo lake amaona giredi imene yalembedwa, amamva mtengo, ndipo akapanda kukhutira amatha kukana. Chaka chimenecho tinkamva za fodya wathu patapita masiku, ena pa foni ya mnansi. Ngati mlimi mwini layisensi anali mumdima chotere, nanga tenanti? Iye ngakhale m'zaka zabwino saona pepala la malonda. Amangouzidwa ndi abwana kuti msika sunayende bwino, ndipo mu 2020 mawu amenewo anapeza chophimbira chatsopano: "Mukudziwa kale, ndi kolonayu." Eni maesiteti ena ankanena zoona. Dziko lonse linapeza ndalama pafupifupi madola 174 miliyoni pa fodya mu 2020, pamene chaka cha 2019 linapeza pafupifupi 237 miliyoni, makamaka chifukwa fodya amene analimidwa anali wochepa. Alipo eni minda amene anagawana ndi antchito awo zochepa zimene anapeza, ndipo tikuwathokoza. Koma alipo mamembala athu amene atawerengeredwa anauzidwa kuti ngongole ya phoso yaposa mtengo wa fodya wawo, opanda pepala loti atsutsire. Analibe ngakhale ya basi yobwerera ku Phalombe, poti mitengo ya maulendo inali itakwera magalimoto atalamulidwa kunyamula anthu ochepa. Anakhalira chaka china pa esiteti pomwepo, kulimira ngongole.

Tikufuna amene amalemba malamulo a zaumoyo adzaone m'kati mwa chigafa nthawi yosankha fodya. Banja lonse limakhala pansi pa ziguduli, masamba ali mulu pakati, kusiyanitsa a m'munsi ndi a m'mwamba, ofiira ndi otuwa, kumanga timitolo. Fumbi la fodya wouma limalowa m'mphuno ndi kukhosi, ndipo palibe amene sakhosomola. Izi timazidziwa chaka ndi chaka. Koma mu 2020 chifuwa chinasanduka mlandu. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene anali kudwaladi, kutentha thupi ndi kubanika, anamanga mpango kukamwa n'kumameza chifuwa chake masiku angapo kuti kapitawo asamve, chifukwa mphekesera inali yakuti wopezeka ndi kolona athamangitsidwa pa esiteti ndi banja lake lonse malipiro asanatuluke. Usiku ankagona m'kanyumba ka udzu ka chipinda chimodzi, pamodzi ndi amuna awo ndi ana anayi. Uthenga wa pa wailesi unkati wodwala agone payekha, ndipo aliyense azisamba m'manja ndi sopo pafupipafupi. Madzi a pamalopo ankachokera pa chitsime cha kudambo chimene ankathirira nazale, ndipo sopo anali wa m'buku la kapitawo. Mayiwa anachira mwa chisomo cha Mulungu, osayezedwa, ndipo m'chiwerengero cha boma mulibe.

Mu Ogasiti 2020 kunabwera lamulo lakuti wopezeka pagulu wopanda masiki alipire K10,000. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K35,000 pa mwezi, kutanthauza kuti chindapusacho chinali thukuta la masiku oposa 7 kwa munthu wolandira malipiro a lamulo. Waganyu wa m'munda wa fodya kawirikawiri safika n'komwe pamenepo. Amayi athu anasoka mamasiki a zitenje zakale, ndipo pa zipata za zipatala ndi misika anthu ankabwerekana masiki amodzi kuti alowe. Tinkadziwa kuti kutero n'kupatsirana matenda, koma pakati pa chindapusa ndi matenda osaoneka ndi maso, munthu wopanda ndalama ankaopa chindapusa.

Tsopano nkhani ya kaundula. Kumapeto kwa Epulo 2020 boma linalonjeza K35,000 pa mwezi kwa mabanja ovutika, ndipo ndalamazo zitayamba kutuluka mu 2021 zinapita ku mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Sitikuchitira nsanje abale athu a ku Mtandire kapena ku Ndirande. Njala yawo inali yeniyeni. Maganizo anali akuti munthu wa kumudzi ali ndi nkhokwe. Koma tenanti alibe munda wake, ndiye nkhokwe aitenga kuti? Mtukula Pakhomo imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi mwa mabanja 10 aliwonse, ndipo tenanti mphamvu ali nazo, choncho sayenera. Zipangizo zotsika mtengo za AIP, zimene zinayamba mu 2020 thumba la feteleza likugulidwa pa K4,495, zinkatsata maina olembedwa m'midzi. Amfumu a mudzi woyandikana ndi esiteti amati awa ndi obwera, ndi anthu a abwana. Amfumu a kwawo ku Mulanje amati awa anachoka kalekale. Abwana nawo amati boma ndilo liwathandize. Munthu amene wakhala m'boma la Kasungu zaka 10, amene ana ake anabadwira pa Chamama kapena pa Nkhamenya, amakhalabe mlendo, ndipo chithandizo chikamagawidwa pabwalo la amfumu iye amaonera patali. Boma lino linali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018. Ndi angati mwa iwo amene amagona m'misasa ya m'maesiteti, ndipo ali pati? Funso limeneli liyenera kukhala ndi yankho mu ofesi ya Bwanamkubwa matenda asanagwe.

Chimene chimatiwawa kwambiri tikakumbuka ndi ana athu. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020. Makalasi olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse mu Okutobala, ndipo mu Januwale 2021 zinatsekedwanso. Miyezi imeneyo ndi yomweyo imene ntchito ya m'chigafa imachuluka. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi ndi pa intaneti, koma m'misasa yambiri mulibe wailesi, ndipo pamene ilipo mabatire ndi a ndalama. Sitibisa, ana athu ambiri analowa m'chigafa, ndipo ife makolo ndife tinawalowetsa. Tenanti amapatsidwa munda woti banja lonse ndilo lingaumalize, ndipo mwana akakhala pakhomo tsiku lonse manja ake amawerengedwa. Izi zinachitika patangopita miyezi yochepa dziko la America litaika chiletso pa fodya wa ku Malawi, pa 1 Novembala 2019, chifukwa cha nkhani yomweyi ya kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Atsikana zinawathina koposa. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi yoyamba ya kutsekedwa kwa sukulu atsikana oposa 40,000 anatenga mimba m'dziko muno, ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. Ife manambalawa timawadziwa ndi nkhope. Msika wa fodya ukatsegulidwa, pa matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa M1 pamayenda ndalama, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 wogulitsa zitumbuwa, amene kwawo agona ndi njala, sakhala ndi mphamvu zokanira mwamuna wa ndalama za fodya.

Kasungu anaziwonapo kale zotere. Njala ya 2001 ndi 2002 inachotsa ana ambiri pa sukulu m'boma lino. Dziko lonse lapansi likudziwa mmodzi wa iwo, William Kamkwamba wa kwa Wimbe, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi atalephera kulipira fizi. Timanyadira mwana wathuyo. Anzake amene anasiya naye sukulu chaka chimenecho ambiri sanabwererenso, ndipo ena a iwo ndi mamembala athu lero, amene ana awo asiyanso sukulu chifukwa cha mliri.

Mabanja ambiri kuno amadalira mwana amene ali ku Joni. South Africa itatseka ntchito kumapeto kwa Malichi 2020, ndalama zotumiza zinaima, ndipo mu Meyi mabasi anayamba kubweretsa anthu kudzera pa Mwanza. Anthu oposa 400 anathawa pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre pamene anawasunga podikira zotsatira za kuyezedwa. Atafika m'midzi anthu ankawaloza zala kuti abweretsa matenda. Amene ankadyetsa banja anasanduka wodyetsedwa, wothawidwanso ndi abale ake.

Funde lachiwiri la Januwale 2021 linali loopsa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mpweya wa okosijeni unasowa m'zipatala, ndipo bwalo la Bingu National Stadium linasandutsidwa chipatala. Ife tinafunsana kuti ngati nduna zikufa, wa ku Simlemba kapena kwa Chulu, amene ayenera kukwera kabaza kuti akafike pa chipatala chaching'ono, kenako pa chipatala cha boma, kenako makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Kamuzu Central, apulumuka bwanji? Ambiri anasankha kudwalira pakhomo, kufukiza bulugamu ndi kumwa mandimu ndi jinja. Okalamba ena anamwalira ndi chifuwa ndi befu, tinawaika osadziwa chimene chawatenga. Amene amamwa ma ARV, a shuga ndi a BP ena anadumphitsa masiku otenga mankhwala chifukwa cha mtengo wa ulendo ndi mantha a kuchipatala. Anzathu osamva sanamve uthenga wa pa wailesi, ndipo masiki anawabisira milomo imene amawerenga. Wosaona amayenda atagwira dzanja la mnzake, koma lamulo linkati titalikirane.

M'nyengo yomweyo tinamva za K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19, imene kafukufuku wa mlondoloni wa chuma cha boma anapeza kuti gawo lake linasakazidwa, lina pa maalawansi. Tinamva nkhaniyi tikugawana sopo mmodzi mabanja atatu. Tikupempha kuti milandu yonse yokhudza ndalamazi ifike pamapeto, ndipo Amalawi auzidwe zimene zabwezedwa.

Pa katemera tili ndi mbali yathu yoti tivomere. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, mayiko olemera atayamba kale kubaya anthu awo miyezi itatu m'mbuyomo. Pa 19 Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu, atafika m'dziko muno kutangotsala masabata ochepa kuti athe ntchito. Ifenso tinachedwa kupita. Tinamvera mphekesera zakuti katemera amatseketsa kubereka, kuti ndi chizindikiro cha chilombo, ndipo ena a ife tinazifalitsa. Koma tinaonanso chimene chinasintha mitima: alangizi a zaumoyo atabwera okha m'midzi, amfumu n'kupinda malaya poyamba anthu akuona, mizere inatalika. M'maesiteti ambiri alangiziwo sankafika, chifukwa pamafunika chilolezo cha mwini malo ndipo tsiku la ntchito silimaima.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa ulimi wa utenanti. Tinalandira uthengawu ndi manja awiri. Koma m'minda yambiri chasintha ndi dzina lokha: phoso lilipo, buku la kapitawo lilipo, malipiro akudikirabe okushoni. Kenako kolera anabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anatipeza tikumwabe madzi a m'zitsime zomwe zija.

Choncho tikupempha izi. Khonsolo ya Kasungu, mogwirizana ndi mafumu ndi ofesi ya zantchito, ilembe banja lililonse lokhala ndi kugwira ntchito pa esiteti, chaka chilichonse nthawi ya nazale, ndipo kaundula ameneyo azigwiritsidwa ntchito pogawa chithandizo chilichonse cha pangozi. Pempho limeneli ndilo mutu wa onse. Mafumu athu, inu eni nthaka, tikukugwadirani: munthu amene amabwera pa maliro a m'mudzi mwanu, amene amakumba nawo manda ndi adzukulu anu, muwerengeni ngati mwana wanu ngakhale chilankhulo chake chili Chilomwe kapena Chiyao.

Ku Unduna wa Zantchito tikuti lamulo la 2021 lifike m'munda. Oyendera ntchito apatsidwe mafuta oti afikire m'maesiteti, wantchito aliyense akhale ndi mgwirizano wolembedwa m'chilankhulo chimene amamva, ndipo alipidwe mwezi ndi mwezi. Makampani ogula fodya pa kontirakiti, amene kale amapereka ngongole ya feteleza ndi mbewu, angathe kuikamo ndalama ya malipiro a antchito mu ngongole yomweyo, kuti mlimi wamng'ono asadikire msika kuti alipire anthu ake. Wodwala matenda opatsirana asachotsedwe ntchito kapena kuthamangitsidwa pa malo. Ku Tobacco Commission tikupempha kuti ngati alimi adzaletsedwanso kulowa mu okushoni, giredi, kulemera ndi mtengo wa belo lililonse zizitumizidwa tsiku lomwelo kwa mlimi, ndipo wantchito amene malipiro ake akudalira fodyayo akhale ndi ufulu woona pepalalo.

Mwini esiteti aliyense amene akusunga mabanja akumbe mjigo ndi zimbudzi zokwanira, ndipo chipata chikhale chotsegukira alangizi a zaumoyo nthawi iliyonse popanda kupempha. Boma lisadzaikenso chindapusa pa chinthu chimene silinagawe kwa osauka. Sukulu zikadzatsekedwa, pakhale dongosolo loti aphunzitsi ndi magulu a amayi aziyendera ana m'misasa, ndipo phala lisaime kumene linkaperekedwa. Atsikana amene anabereka m'nthawi ya mliri ambiri akadali pakhomo ngakhale ndondomeko ya boma imawalola kubwerera ku sukulu. Afufuzidwe ndi kuthandizidwa fizi.

Nafenso talonjezana zathu. Membala wopezeka akugwiritsa ntchito mwana m'chigafa nthawi ya sukulu adzaitanidwa ndi komiti ya m'dera lake, ndipo akapanda kusintha nkhani idzapita kwa amfumu ndi ku ofesi ya zantchito. Tayamba kulemba tokha maina a mabanja a m'misasa ya m'madera amene tili ndi mamembala, kuphatikizapo okalamba, olumala ndi ana a msinkhu wa sukulu. Mabukuwo tidzawapereka ku khonsolo, ndipo tikupempha Bwanamkubwa atipatse tsiku loti tikumane nawo pamodzi ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya boma lino, nazale za chaka chino zisanafesedwe.

Komiti Yaikulu, m'malo mwa mamembala onse
Kasungu